Timapiritsi ta m'chitini cha mabatani

Amayi, lero ndakukumbukirani ndili pafamase ku Zengeza 4. Ndimagula timapiritsi tachikasu ta chimfine, tomwe tija munkasunga m'chitini cha mabatani. Wogulitsa mankhwala wandifunsa kuti, "Akamwe ndani? Ngati ndi munthu wachikulire, asamamwe tsiku ndi tsiku. Ena timawasokoneza mutu, amayamba kuiwalaiwala." Paja inu munkamwa tiwiri madzulo alionse, mumvekere timakugonetsani bwino.

Mukukumbuka sabata ija timapiritsito tinatha, mayi amene ankatigulitsa pokwerera makombi, maminibasi athu aja, atapita kumaliro? Nthawi imeneyo n'kuti mutasiya kusoka, chifukwa miyezo ya anthu inkakubalalikani m'mutu, ngakhale dzina langa linkakuvutani. Koma Lachinayi lake munadzuka muli munthu wina. Munangomuyang'ana kamodzi mdzukulu wanu Chipo n'kunena kuti, "Iwe, yunifomu yakuthina m'mapewa, bwera nayo kuno." Munaikonza osagwira n'komwe tepi yoyezera, uku mukumuseka kuti inu agogo ake mukamufunsa m'Chichewa iye amayankha m'Chishona. Nyumba yonse kwathu ku Unit C tinati Mulungu wamva mapemphero. Ndiye Loweruka ine, pofuna kuti muzigona bwino, ndinakwera kombi kukakugulirani paketi ina.

Sindikudziwa, Amayi. Mwina unali ukalamba basi, poti sitinafunseko dokotala aliyense. Koma funso limodzi landikakamira chichokereni pafamase paja: kodi Lachinayi lija munangotichezera, kapena munalipo nthawi yonseyi, ife tikumakugonetsani?