Anapiye a Pepo a Agogo ku Chikweo

Fungo la madeya onyowa likangondidutsa pamphuno, ndimawaona agogo anga aakazi atakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Chikweo, miyendo atatambasula, chivundikiro cha poto kudzanja limodzi, ndodo kudzanja linalo, maso ali kumwamba. Anali mayi wamfupi, wamakani, wa liwu lomveka mpaka kuchitsime, ndipo ine, amene ndinkakhala nawo chifukwa mayi anga anali pa geni ku Nayuchi, ndinkawaopa ndi kuwakonda mofanana.

Chaka chimenecho chitopa chinasesa nkhuku mudzi wonse. Kwathu kunatsala thadzi limodzi lotsimphina, limene linali pamazira kuseri kwa nkhokwe, ndipo linaswa anapiye khumi ndi mmodzi. Sabata isanathe kabawi anali atatenga awiri. Wachiwiriyo anamutola pamaso pa amalume Lasitoni, mwana wa agogo wokhala ku Balaka, amene anali atangotsika pa kabaza kudzationa.

"Mwaonatu, amayi," anatero amalume akukuntha fumbi pa buluku. "Mwakula. Mbalame ikukulandani mwanapiye muli pomwepo. Longedzani tizipita ku Balaka, chipinda chilipo, mpopi uli pakhomo."

"Ndikakhale pakhonde pako ngati mpando? Iyayi," anayankha agogo. "Ubwerenso pa Khirisimasi udzawerenge. Ukadzapeza osakwana asanu, kabazayo ndidzakwera ndekha, osandikoka. Ukadzapeza asanu, dzina la Balaka usadzalitchulenso pakhomo pano."

Amalume anaseka n'kuvomera. Ine ndinkadziwa kuti agogo sabweza mawu, ndipo ndinkadziwanso kuti kuwachotsa pa munda wawo ndi pa manda a amuna awo kunali kuwaika m'manda ali moyo.

M'mawa mwake agogo ananditumiza kukatenga kabotolo ka jivi, mankhwala a pepo aja opaka pachilonda, kamene anandipatsa kuchipatala nditadzitema ndi khasu. Anathira m'chikho cha madzi, n'kuyamba kupaka anapiye mmodzimmodzi ndi nthenga, kuyambira pamutu mpaka kumchira, ine ndikuwagwirira timapiko. Timitima tawo tinkagunda m'zala mwanga. Pomaliza, pabwalo pathu pankayenda tinthu tisanu ndi tinayi ta pepo, tonyowa, tolira, tosaoneka ngati ana a nkhuku.

Abiti Saidi, a nyumba yoyandikana nafe, anasuzumira pampanda n'kugwira pakamwa.

"Anganga, kodi nkhuku zanu nazonso zalowa kwaya, kuti zivale yunifomu?"

"Sekani, mano ndi anu," anatero agogo. "Kabawi amadziwa mwanapiye. Ichi sachidziwa."

Zinali zoona. Masana kabawi anabwera, anazungulira kawiri katatu pamwamba pa mango, n'kupita kwina. Koma chimene agogo sanachiganizire n'chakuti thadzi nalonso silinawadziwe. Linawayang'ana ndi diso limodzi, linatukumula nthenga, n'kuyamba kuwajompha ngati ana a mdani. Pamene tinkalithamangitsa, mmodzi anali atagona kale chagada. Ndinalira, ndipo mwaukali ndinawauza agogo kuti awononga zonse ndi nzeru zawozo. Ndinkayembekeza khofi. M'malo mwake anangomutola mwanapiye wakufayo, anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatembenukira thadzi lija.

"Wawakana? Chabwino. Ine ndinalera ana asanu ndi mmodzi bambo wawo atamwalira. Awa ndi chiyani?"

Kuyambira tsiku limenelo agogo anasanduka make wa anapiye. Anayala sanza m'dengu, pakati n'kuikapo botolo la madzi ofunda lokulunga m'chitenje chakale. Ankawapondera mpunga wosweka ndi mitu ya usipa, ankanditumiza kuchulu kukakumba chiswe, ndipo mtundu ukayamba kufwifwa ankapakanso. Akamapita kudimba, dengu linali pamutu likulira. Ku tchalitchi ankalandira mgonero ndi zala za pepo, amayi anzawo akugwedezana zigongono, iwo khosi lili chilili.

Nyenga yokha, kanyama kakutchire kogwira nkhuku, ndiyo inalibe nazo ntchito za mitundu. Tsiku lina dzuwa lili paliwombo inatuluka m'mpanda, yaitali, yofiirira, n'kugwira mmodzi pakhosi. Sindinaonepo munthu wokalamba akudzuka choncho. Anaiponyera chivundikiro, anaithamangitsa ndi ndodo mpaka m'chinangwa cha Abiti Saidi, akuitukwana m'Chilomwe chimene sankatiyankhulira ife. Anabwerako mpango utagwa, bondo likutuluka magazi, mwanapiye atapita. Anakhala pansi, anadzipaka jivi yemweyo pabondopo, n'kundiuza kuti tikadule minga. Dzuwa lisanalowe mpanda wonse unali utatsekedwa m'munsi, manja athu ali zilonda zokhazokha.

Pa Khirisimasi amalume anabwera ndi chikwama chachikulu chopanda kanthu, choti alongezemo katundu wa mayi awo. Agogo sanawapatse ngakhale moni wokwanira. Anamwaza madeya pabwalo n'kuitana, ndipo kunathamangira misoti ndi atambala aang'ono asanu ndi awiri, ena akadali ndi kachizindikiro ka pepo kunsonga za mapiko.

"Werenga. Unapita kusukulu iwe."

Amalume anawerenga kawiri. Kenaka, pofuna kubisa manyazi, anati ndiye tiphepo mmodzi wa Khirisimasi.

"Ku Balaka kuli za mufiriji," anatero agogo. "Lero tidya nandolo."

Agogo anakhala pakhomo pawo zaka zina zambiri, ndipo anagona pafupi ndi amuna awo monga ankafunira. Chodabwitsa n'chakuti amene anathera ku Balaka ndine. Kuseri kwa nyumba yanga kuli kakhola, ndipo thadzi likaswa ndimatulutsa kabotolo, ngakhale ine ndinaphunzirapo kanthu: ndimapaka pamsana pokha, kuti make asawakane. Mwezi wathawu mwana wanga wamkulu anandiuza kuti ndisiye kuvutika ndi nkhuku, ndikakhale naye ku Lilongwe. Ndinayang'ana zala zanga za pepo, ndipo ndisanaganize n'komwe, pakamwa panga panatuluka mawu a eni ake: "Ubwere pa Khirisimasi udzawerenge."