Chitsulo Chimene Anachithira Madzi

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene amuna anga anasiya kuimba foni. Iwo anapita komweko n'kutchona. Malobolo anali ataperekedwa, choncho mwana wanga Tiwonge anali wa pamudzi pa apongozi, kufupi ndi Embangweni. Ndinamusiya nditangomuletsa kuyamwa.

Ntchito ndinaipeza pa yunivesite ina, yokolopa m'chipinda chofufuziramo zitsulo. Sukulu ndinalekera sitandade sikisi, ndiye ndinkangokolopa maso ali pansi. Mayi wina wofufuza ataona kuti manja anga ndi odekha, anandiphunzitsa kupukuta tizidutswa ta zitsulo mpaka tiziwala ngati galasi. Tsiku lina anandilola kusuzumira pa makina okulitsa zinthu.

Ndinkayesa chitsulo ndi chinthu chimodzi. Koma m'kati mwake muli timiyala togundana ngati mphale m'lichero. Mayiyo anati mphamvu ya chitsulo imachokera m'mene timiyalato takhalira. Chitsulo cholimba ukachiwotcha n'kuchithira madzi, chimauma mtima, chimathyoka ngati mbale yadothi. Chimafuna kuzizira pang'onopang'ono.

Zaka zitatu ndinapukuta zitsulo zimenezo. Lamlungu ndinalibe wocheza naye. Ndikaimba foni, Tiwonge ankathawa, apongozi aakazi n'kumati, "Ali bwino chomene. Nanga za ngolo zija?" Ndinatumiza ndalama, anagula ngolo ndi ng'ombe ziwiri kuti zizinyamula matabwa kunkhalango ya Luwawa, mwana adzaphunzire.

Nditabwerera ndinapeza chitsulo cha mateyala a ngoloyo chili ndi mng'alu. Apongozi aamuna anachitengera kwa wowotcherera ku Mzimba boma, ine ndi apongozi aakazi tinatsagana nawo popita kumsika. Mmisiri anawotcherera, kenaka anatenga ndowa ya madzi.

Kwathu mkamwana salankhula ndi apongozi aamuna maso ndi maso. Ndinanjuta n'kunong'oneza apongozi aakazi.

"Amama, auzeni asathire madzi. Achikwirire mumchenga chizizire chokha."

Iwo anabwereza mawu angawo mokweza, akuseka. Mmisiri anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Mlamu, ku Joni munkawotcherera kapena munkakolopa?"

"Ankakolopa," anayankha apongozi aamuna. "Thirani, adada, minibasi ingatisiye."

Chitsulo chinalira, nthunzi inakwera. Ine ndinangothokoza kuti yewo.

Pa ulendo wachiwiri wochokera ku Luwawa, chitsulocho chinathyoka pamtsetse. Ngolo inagwera mbali imodzi, matabwa anakhuthukira pa ng'ombe yakumanzere n'kuithyola mwendo. Anaipha tsiku lomwelo. Yotsalayo siingakoke yokha.

Pogawa nyama ndinamva apongozi aakazi akuuza anzawo kuti pakamwa panga mpoipa, ndinalodza ngolo ndi mawu anga pamaso pa anthu. Palibe anatchula ndowa ija. Palibenso anatchula amene anatumiza ndalama zogulira ng'ombeyo.

Ndinakatola chidutswa chothyokacho. Pothyokapo panali pouma, ponyezimira ngati mchere, monga tinkaonera kuntchito. Ndinachimanga pansonga ya chitenje.

Madzulo Tiwonge anandibweretsera mbale ya nyama. Amanditchula kuti anti mpaka lero.

"Agogo akuti idyani, anti. Akuti ndi ng'ombe yawo."

Ndinalandira ndi manja awiri, monga amayenera mkamwana.