Agogo aNachisale ndi mayikulowevu yathu

Fungo la oilo wa makina osokera likandipeza paliponse, ndimawaona agogo aNachisale atakhala pampando wa m'khitchini yathu ku South Bend, ku America, atavala jekete lalikulu la amayi pamwamba pa chitenje, magalasi atatsetserekera kunsonga kwa mphuno, hita ikung'ung'udza pakona, panja chipale chofewa chitayeretsa magalimoto ngati wina wamwaza ufa. Fungolo linkachokera m'kachitini kakale ka mabisiketi kamene anabwera nako kuchokera ku Balaka. Munali sizasi, choko cha telala, kabotolo ka oilo ndi sikuludiraiva ya chogwirira chofiira chong'ambika. Moyo wawo wonse agogo anasoka pakhonde la sitolo, ndipo makina akavuta sankaitana munthu. Ankawamasula okha, kuyala tizitsulo tonse pansalu, n'kuwabwezera mwakale akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi.

Kwathu tinkakhala awiri, ine ndi amayi, amene anali namwino pachipatala cha m'tauni. Amayi ankagwira mashifiti aatali, choncho anaitanitsa agogo kuti adzakhale nane miyezi imene mapepala awo ankalola. Nthawiyo n'kuti ndili ndi zaka khumi.

Ine ndinabadwira komweko ku America. Chichewa ndinkachimva chonse, mpaka miseche imene amayi ankanong'ona pafoni poganiza kuti ikundidutsa, koma kuyankha ndinkayankha m'Chingerezi basi. Ndili wamng'ono, pachinkhoswe china cha Amalawi ku Indianapolis, ndinayesa kupereka moni kwa azimayi amene ankaphika kuseri, ndipo anaseka mpaka kugwira nthiti, kenaka n'kuitana anzawo kuti ndibwereze amvenso. Sanali ndi njiru, ndikudziwa tsopano. Koma manyazi a mwana sachedwa kumera mizu, ndipo kuyambira tsikulo Chichewa ndinachitsekera m'kamwa.

Agogo nawo Chingerezi chawo chinkathera pa kuthokoza. Ndiye taganizani nyumba imeneyo. M'mawa ankandifunsa kuti, "Wadzuka bwanji, Tadala?" ine n'kuyankha kuti, "Fine, Grandma." Masana ankandidikira pamalo otsikira basi yasukulu, akunjenjemera m'jekete lija, n'kundilanda chikwama ngati ndine mlendo wochokera kutali. Loweruka ankandiluka tsitsi nditakhala pakati pa maondo awo, zala zawo zikununkha oilo uja, akundisimbira za makasitomala awo ovuta, ine ndikungogwedeza mutu. Ndinkawakonda kwambiri, koma iwo akanadziwa bwanji?

Tsiku lina ndikuchokera kusukulu, agogo anafuna kunditenthetsera mbatata. Anaziika pa mbale yawo yachitsulo ya maluwa ofiira, imene malemu agogo aamuna ankadyerapo, n'kuilowetsa m'mayikulowevu. Palibe anawauzapo kuti m'menemo simulowa chitsulo. Tinangomva kuti tha! tha! tha! m'kati muli phethiphethi ngati ziphaliwali, khitchini yonse n'kudzaza fungo ngati la tsitsi lopserera. Ndinathamanga kukazimitsa. Titachotsa mbaleyo n'kuyesanso ndi kapu yamadzi, moto unkathethekabe kukhoma la kumanja, pamene panali patada bii.

Amayi atafika madzulo, anaisuzumira kamodzi kokha, nsapato zakuntchito zikadali kumapazi.

"Aaa, aNachisale, musadzisitirese," anatero. "Izi kuno sitifiksa, timangotaya. Ndioda ina pa intaneti."

Anainyamula n'kukaiika pafupi ndi chitseko kuti idzapite ndi galimoto ya zinyalala. Agogo anaiyang'ana kwa nthawi yaitali.

"Safunsa anadya phula," anadzinena okha motsitsa mawu.

Titadya, ndili kuchipinda ndi homuweki, ndinawamva akulankhula ndi amayi pabalaza.

"Amake Tadala, mundisinthire tikiti, ndizipita Khirisimasi isanafike. Ndinabwera kudzathandiza, koma ndikungoononga katundu. Inu mumakhala kuntchito, mwanayu sandilankhula, ine ndimacheza ndi makoma. Mlendo ndi mame, mwananga."

Amayi anawanyengerera, koma agogo akanena chinthu sankabwerera. M'mawa mwake ndinaona sutikesi yawo ili yasa pabedi, zitenje zitapindidwa kale m'kati. Mtima unandiwawa. Ndinaima pakhomo la chipinda chawo, mawu akuti musapite ali pakhosi, koma sanatuluke.

Loweruka amayi anapita kuntchito kukadali mbandakucha. Nditadzuka ndinapeza agogo atainyamula mayikulowevu ija kuchoka pachitseko, ataikhazika pathebulo pamwamba pa chitenje, kachitini kawo kali pambali.

"Ndisanapite, ndikonze chimene ndaononga," anatero, osandiyang'ana, pakuti anazolowera kuti yankho silibwera.

Ndinakhala tsidya lina la thebulo ndi laputopu ya amayi. Ndinkafuna kuwathandiza mwanjira yanga, choncho ndinafufuza kanema woonetsa kakonzedwe kake. Munaoneka bambo wina wandevu ali m'galaja. Asanagwire chilichonse, analoza kachitini kasiliva kamene kamakhala m'kati mwa makinawo, kokhala ndi mawaya kumutu kwake, n'kunena mobwereza kuti kamasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa, ndipo munthu akakagwira atha kufa pomwepo.

Nditadzutsa maso, agogo anali atamasula kale masikuluu onse akumbuyo, atawandandalika pachitenje monga ankachitira ndi makina awo. Chikuto chachitsulo anali atachikokera m'mbuyo. Kachitini kasiliva kaja kanali pamenepo, chimodzimodzi ka m'kanema, ndipo dzanja lawo linkalowera komweko, sikuludiraiva ili patsogolo.

"Grandma, stop! Don't touch that!" ndinakuwa.

Anandimwetulira, n'kunyamula pulagi ndi dzanja linalo kundionetsa.

"Ndazula, mwanawe. Usaope. Magetsi ali kukhoma uko."

Ndipo dzanja lija linapitirira. Ndinaona kuti Chingerezi changa chonse, chimene aphunzitsi ankachitama, sichikanatha kuwaimitsa. Sindikumbukira kuti ndinaganiza chilichonse. Ndinangomva mawu akutuluka okha.

"Agogo, siyani! Chikuphani! Magetsi akadali m'kati!"

Dzanja linaima m'malere. Analibweza pang'onopang'ono, n'kuika sikuludiraiva pachitenje. Koma sanayang'ane makinawo ayi, anayang'ana ine, pamwamba pa magalasi awo.

"Nenanso," anatero.

Ndinabwereza, misozi ikutsika. Ndinawalozera kachitini kaja n'kufotokoza ndi Chichewa changa chopunduka kuti kamameza magetsi n'kuwasunga, kuti kamaluma ngakhale waya atachoka kukhoma, kuti bambo wa m'kanema wanena kuti anthu amafa nako. Mawu ena ndinkawasowa n'kuwakwaniritsa ndi manja. Ndinkadikira kuti aseke ngati azimayi aja, koma sanaseke. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anakankhira mpando wawo kutali ndi thebulo, n'kundikokera pachifuwa pawo.

"Kani Chichewa chilimo m'kamwamu?" anatero. "Umachisungira maliro anga?"

Apo m'pamene tinaseka, tonse awiri, tikupukuta m'maso.

"Musapite, agogo," ndinanena, nkhope ndiitabisa m'jekete lawo. M'kamwa mutatseguka, mawu ankangotuluka.

Anangoti, "Tiye tibwezere chikutochi. Iwe uzindiuza pogwira."

Tinachibwezera mosamala, osakhudza kanthu m'kati, ine ndikulamula ngati kapitawo, iwo akumanga masikuluu. Kenaka tinaonera kanema wina, ine ndikumasulira chiganizo chilichonse. Kunapezeka kuti vuto silinali kumbuyo kumene ankatsegula. Linali m'kati mwenimweni moikamo chakudya, pamalo pakuda paja. Pamenepo pamakhala kachidutswa kopyapyala konyezimira, kooneka ngati katoni, ndipo kakapserera kamathetheka moto mpaka utasinthidwa. Agogo anakatomola ndi chikhadabo, n'kukayang'ana kuwindo mbali zonse.

"Ichi n'chigamba basi," anatero. "Ndiye munthu ataye chinthu chonsechi chifukwa cha chigamba?"

Amayi pobwera madzulo anandipeza ndikufotokozera agogo m'Chichewa kuti chigamba chatsopano chimagulidwa chachikulu, munthu n'kudula yekha. Anaima pakhomo, chikwama chili paphewa, dzanja lili pakamwa. Koma atamva kuti chikuto chinatsegulidwa, unamwino unawadzukira, ndipo anatikalipira tonse awiri ngati ana.

"ANachisale, mukanandifera m'nyumba muno ine ndili pa shifiti! Musadzatsegulenso, mwamva?"

"Ndamva, adokotala," anatero agogo, akunditsinzinira diso.

Sabata yotsatira tinapita ku Indianapolis, monga tinkachitira ufa ukatha. Msewu wake ndi wautali, wodutsa m'minda ya chimanga chokololedwa, yoyera ndi chisanu mpaka kumene maso alekezera, ndipo agogo njira yonse ankandifunsa mayina a zinthu kuti ndiwatchule, ndikalakwa n'kundikonza mwakachetechete ngati akuwongola msoko. Titagula ufa ndi nsomba zouma m'masitolo a ku Lafayette Road, tinalowa m'kasitolo kena ka zipangizo za mafiriji ndi masitovu, konunkha fumbi ndi labala. Agogo anatulutsa chigamba chopserera chija m'kampango, n'kuchiika pakauntala. Ine ndinaima pakati, kutengera mawu a agogo kwa wogulitsa, a wogulitsa kwa agogo. Bamboyo anafunsa ngati tikufuna atidulire.

"Umuuze kuti telala ndine," anatero agogo.

Kunyumba anayala chigamba chakale pamwamba pa chatsopano, n'kuchizunguliza ndi choko chawo, lilime lili pakona ya mlomo monga ankachitira polemba patani. Anadula ndi sizasi yawo yaku Balaka, pang'onopang'ono kuti chisathetheke, makona n'kuwazungulitsa ngati kolala ya diresi lasukulu. Ine ndinatsuka mwaye wonse pakhoma paja mpaka panayera. Chigambacho chinalowa ndendende, osafuna kukankha.

Tinaikamo madzi m'kapu yadothi. Agogo anadina batani okha, ife tonse titaima chapatali, amayi atagwira chozimitsira moto. Nyale inayaka, kapu inayamba kuzungulira, makina akungolira mofatsa monga kale, popanda kuthetheka kulikonse. Italira kuti yamaliza, agogo anatulutsa kapuyo ikufuka nthunzi, n'kuikamo masamba a tiyi, n'kumwa ataimirira.

Kenaka anandigwira paphewa n'kuuza amayi kuti, "Mwanayu ali ngati kachitini kasiliva kaja. Tinkayesa kuti anazulidwa kalekale, koma zonse anasunga m'kati."

Za tikiti palibe anazitchulanso. Tsiku lotsatira ndinapeza zitenje zabwerera m'kabati, sutikesi ili pansi pa bedi. Agogo anadya nafe Khirisimasi, anaona chisanu chikusungunuka, ndipo anapita pamene mapepala awo anatha. Mbale ya maluwa ija anandisiyira, ati ndiziikapo zipatso, koma ndisadzayerekeze kuitenthetsa.

Kuchokera pamenepo tinkalankhulana pafoni Lamlungu lililonse, zaka ndithu, iwo ali pakhonde ku Balaka, nkhuku zikumveka kumbuyo. Chichewa chimene ndikulembachi ndinachiphunzira m'mafoni amenewo. Ulendo womaliza anali atadwala, mawu atachepa ngati ulusi. Ndinawauza kuti, "Agogo, ndimakukondani." Poyamba ndinkayesa kuti netiweki yaduka. Kenaka ndinamva, chapansipansi: "Nenanso."

Lero ndimakhala ku Indianapolis, kufupi ndi dera la Speedway, ndipo kachitini ka mabisiketi kaja kali m'kabati yanga, kakununkhabe oilo. Pazinkhoswe ndi pamapemphero a Amalawi ndimakumana ndi ana amene amamva zonse koma kuyankha m'Chingerezi, makolo awo akudandaula kuti chinenero chinatayika. Ine sindiwatsutsa. Koma mwana wotere akalimba mtima n'kundipatsa moni wopotoka, sindiseka, ndipo sindiitana anthu kuti adzamve. Ndimagwada kuti tifanane msinkhu, n'kumuuza motsitsa mawu kuti anenenso.