Nyimbo Zomwe Ndinazisamutsira ku Tanzania

Kompyuta yomwe ndinkabenera nyimbo pa Lufita inali yokalamba moti ndikaiyatsa m'mawa ndinkapita kukametetsa ndevu, n'kubwerako zitameranso iyo isanayake. Ndikulumbira. Wometayo akadali moyo, kamufunseni. Ntchito yanga inali yosavuta: munthu abwere ndi memori khadi, ndimuthirire nyimbo mpaka idzadze, azipita. Za chilolezo sitinkaziganizira n'komwe.

Tsiku lina kunabwera bambo wina wochokera kufupi ndi mtsinje wa Songwe, mlimi, atavala jekete la kutchalitchi. Anali atagulitsa ng'ombe n'kupita ku Mzuzu kukajambulitsa nyimbo zake za m'Chilambya. Fulashi yosungira nyimbozo anali ataimanga m'kampango ngati mankhwala.

"Monire, adada," ndinatero.

"Yewo, mwana wane. Mundibenere madisiki khumi, ndikagulitse. Mukamaliza mufufute m'makina mwanumo."

"Adada, makina awa amaiwala okha. Ineyo amene sandikumbuka."

Anaseka, ananyamula madisiki ake, anapita. Sindinafufute.

Nyimbozo zinali zokoma, ndipo vuto linayambira pomwepo. Anthu a pa boma safuna nyimbo za munthu amene amakumana naye kuchigayo. Ukati woyimba ndi wa konkuno, amati ndiikireni zina. Ukati zangolowa kumene kuchokera ku Tunduma, ku Tanzania, munthu amafufuta zithunzi za ukwati wake kuti malo apezeke. Choncho ndinachotsa dzina la bambo uja, nyimbo n'kuziponya mu foda ya Tanzania. Poti Chilambya chimamveka mbali zonse za mtsinje, palibe anadabwa.

Zinayenda nyimbo. Akabaza, m'maukwati, m'masitolo. Zinakafika ku Nthalire sabata isanathe, pa msewu umene mayi wina anakwera lole khanda lili kumsana, n'kukatsika mwanayo akukonzekera mayeso a sitandade eyiti. Zoona izi, ndinali nawo. Mwini nyimbo atayala madisiki ake pamsika, anthu anamuuza kuti achite manyazi, munthu wamkulu kumaba nyimbo za Ataifa. Ndinamva nkhaniyo, ndipo ndinaseka nawo. Kuseka kumeneko kumandiwawa mpaka lero.

Patapita zaka, kunabwera anthu a bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi mabuku. Anachititsa msonkhano pa boma. Anati lamulo linasintha: wobena aliyense akhale ndi layisensi, ndipo mafoni ndi mamemori akamalowa m'dziko muno amalipiridwa kangachepe komwe kamagawidwa kwa oyimba olembetsedwa. Pofika pa Lufita, uthengawo unali utakula: akulanda makompyuta, eni ake akuwamanga awiriawiri. Ndinatseka chitseko n'kufomata kompyuta, kufufuta zonse. Kompyuta ija inamaliza mu mphindi ziwiri, liwiro lomwe inali isanandionetsepo chiigulireni. Abungwewo sanalowe n'komwe mwanga. Anagula zakumwa pa golosale yoyandikana nane, n'kubwerera pa boma.

Sabata yomweyo bambo uja anatulukira. Anali atayesa kukalembetsa nyimbo zake, koma kunapezeka kuti munthu wina wa kutsidya anaziika kale pa intaneti m'dzina lake, nkhope yake pamwamba. Abungwewo anamuuza kuti abweretse umboni woti zinayamba kukhala zake. Situdiyo ya ku Mzuzu inali itatsekedwa. Fulashi inanyowa chaka cha madzi osefukira. Madisiki anga otchipa aja anali atasupuka ngati njoka. Umboni wotsala unali mafayilo oyambirira, okhala ndi dzina lake ndi tsiku lojambulira, omwe ndinasunga kuseri m'kompyuta mwanga.

Anakhala pabenchi, chipewa pabondo.

"Mwana wane, ndikudziwa kuti simunafufute. Sindinabwere kudzakangana yayi. Lero kusamvera kwanu kundithandize."

"Adada, ndafufuta."

"Liti?"

"Lachiwiri."

Anayang'ana kompyuta, n'kuyang'ana ine.

"Zaka zonsezi, mwasankha Lachiwiri kuti mumvere."

 Kenako anafunsa ngati ndingapite naye Lachisanu, abungwewo asanabwerere kwawo, ndikanene ndi pakamwa panga kuti ndine ndinachotsa dzina lake. Ndinati ndibwera. Koma kunena zimenezo kunali kuvomera kuti ndakhala ndikubena popanda layisensi, ndipo Lachisanulo ndinadwala. Malungo ake anali a mtundu wachilendo: anayamba ofesi ikutsegulidwa, anatha galimoto yawo itadutsa. Bamboyo anandidikira tsiku lonse pakhonde la ofesiyo. Abungwewo sanamulembe.

Bamboyo sanajambulitsenso nyimbo. Ine layisensi ndili nayo tsopano, yopachikidwa pakhoma mu felemu, ngakhale obenetsa atsala ochepa poti ana amasiku ano amatsitsa okha pafoni.

Mwezi wathawu anabweranso, tsitsi litayera, ali ndi foni yomwe mwana wake anamutumizira. Anati kunyumba kwake kulibe ngakhale imodzi mwa nyimbo zija, ndipo adzukulu akufuna kumva mawu ake a kale. Ndinazitsitsa pa intaneti, poti kwina kozipeza kulibe. Itayamba kulira yoyamba, pafoni panaoneka nkhope ya munthu wa kutsidya uja, atavala magalasi akuda, akumwetulira. Bamboyo anamvetsera mpaka kumapeto, milomo ikutsatira mawu chamumtima.

"Adada, chithunzichi ndichichotse?"

Anatenga foni yake n'kuiika m'thumba la jekete.

"Chisiyeni, mwana wane. Mwafufuta zokwanira."