Tsiku Limene Pulinta Idakukuta Mano

Pa boma la Ntchisi padalibe munthu wosadziwa mayi Lidia Kachiwanda. Adatayipa mu ofesi ya boma zaka makumi atatu, mpaka nyamakazi idawapinda zala. Atapuma ntchito, matipate atangofika kumene, adagula kompyuta ndi pulinta zakale kwa bungwe lina limene linkatseka ofesi, nazikhazika m'chipinda chomwe ankasungamo mtedza. Masiku amenewo aliyense adali wapampando wa chinachake. Makalabu a fodya, makomiti a mijigo, ngakhale anthu atatu oweta mbuzi imodzi ankafuna malamulo a gulu otayipidwa, ndipo onsewa ankathera pakhonde pa mayi Kachiwanda.

Moyo wawo wonse adatayipa mawu a eni. Awoawo adayamba kuwalemba sabata yovundukula chiliza cha amuna awo.

Amuna awo, aphunzitsi Yeremiya, adatengedwa pasukulu mu 1976 ndi anthu a galimoto yopanda nambala, ndipo adabwerako m'bokosi lokhomeratu. Pamaliro palibe adayerekeza kuimirira kuti awerenge mbiri ya malemu monga zikhalira. Anthu adaimba nyimbo ziwiri nabalalika akuyang'ana pansi. Chimenechi chidawapweteka mayiwa kuposa umasiye weniweniwo. Tsopano ana, Rebeka ndi abale ake, adali atamanga chiliza kumudzi, ku Malomo, ndipo Loweruka lidali tsiku lochivundukula. Mbiri idali m'kompyuta, masamba awiri. Mkulu wa mpingo adavomera kukaiwerenga, bola ikhale papepala, koma zala zija sizikadatha kugwira cholembera mpaka masamba awiri.

Lachisanu m'mawa adatsegula sutikesi natulutsa mulu wa mapepala oyera omwe aphunzitsi adagula okha asanatengedwe. Adawasungira tsiku lotere. Adawaika mu thireyi nadina batani. Pulinta idakoka pepala, kenaka idayamba kukukuta ngati galu pa fupa. Adaizimitsa msanga. Minibasi ya ku Malomo inkanyamuka masana, ndipo wokonza mapulinta adali ku Lilongwe.

A Kalisto, oyendetsa chigayo cha kuseri kwa nyumbayo, adafika ndi sipanala ndi chitini cha girisi asanaitanidwe n'komwe.

"Kulira kumeneko ndimakudziwa, mayi. Tingopaka girisi basi."

"A Kalisto, ichi sichigaya mgaiwa. Chitinicho chitsale pakhonde."

"Makina onse ndi pachibale."

"Pachibale pake, koma sadyera mbale imodzi."

Mayi Kachiwanda adachita zimene ankachita ndi makina otayipira akale: adayamba ndi khutu. Adachotsa mapepala onse naiyatsa yopanda kanthu, ndipo idalira bwinobwino. Adatulutsa katiriji ya inki, naibwezera mpaka idakhazikika. Atayesanso, kukukuta kudabwerera pomwe pepala linkayamba kukwera, chakumanzere.

"Ndiye kuti si mota," adavomera a Kalisto monyinyirika. "Yaluma chinachake."

Adazula pulagi nadikira kuti izizire. A Kalisto adaunika ndi tochi, mayiwo akutembenuza pang'onopang'ono kagudumu kokoka mapepala. Pakati pa mano a giya yaing'ono yapulasitiki padali phini yadzimbiri, yopindika. Mayi Kachiwanda adaikoka ndi kopanira kozulira minga naiika pachikhatho.

Adaizindikira nthawi yomweyo. Makalaliki akale a boma sankadziwa sitepula. Mapepala ankawalumikiza ndi phini pakona, ndipo dzanja la mayi Kachiwanda silidaiwale. Adafufuza mu mulu uja mpaka adapeza kapepala ka thumba la simenti kali ndi zibowo ziwiri pakona. Idali kalata yomaliza ya aphunzitsi, imene mlonda wina wachifundo adazembetsa kundende. Mayiwo adaibisa okha pakati pa mapepala oyera, ataimata ndi phini ku limodzi la mapepalawo, kuopa ofufuza m'nyumba, ndipo mantha adawaiwalitsa pomwe adaiika. Adaifuna zaka zambiri, mpaka adaganiza kuti idadyedwa ndi chiswe. Kalatayo inkati:

"Amake Rebeka, ana asasiye sukulu. Za ine musanene kanthu panopa. Mudzanena nokha zikadzatheka."

A Kalisto adatuluka mwakachetechete kukayang'ana chitini chawo cha girisi, ngati kuti chingathawe. Mayi Kachiwanda adalira, ndipo ulendo uno sadatseke chitseko monga ankachitira masiku amantha aja.

Pulinta idatulutsa masamba awiri aja, ikungoti gwede gwede pomwe dzino la giya lidabenthuka. Minibasi adaipeza itadzaza, koma adawapatsa malo.

Loweruka kumanda, mkulu wa mpingo adatambasula dzanja kuti alandire mapepala. Mayi Kachiwanda adapukusa mutu. Adavala magalasi, nagwira mapepalawo ndi zala zopindika zija, nayamba ndi dzina lonse la amuna awo, mokweza, kuti ndi okhala kumbuyo omwe amve.