Mawu Anga M'mafoni a Anthu a Kukhwawa

Mpaka lero, fungo la dothi lonyowa likasakanikirana ndi la zinyalala za m'khwawa, mtima wanga umayamba kuthamanga ndisanadziwe n'komwe chavuta. Ndimanyamula mwana wanga, ndimayang'ana kukhomo, ndimayang'ana kuphiri. Zinayamba dzinja lija ndili Sitandade 5, tikukhala kumunsi kwa Chitawira, m'nyumba ya lendi imene khoma lake lakumbuyo linayandikana ndi khwawa moti madzi otsukira mbale tinkangowakhuthulira momwemo. M'chilimwe kanali kamtsinje kakuda, konunkha, kodzaza majumbo ndi mabotolo. Koma mvula ikagwa yambiri kumtunda, khwawalo linkadzuka ngati chilombo, ndipo chaka chapitacho linali litakokolola khitchini ya aneba athu, nkhuku zili momwemo.

Achimwene anga, a Limbani, ankalemba mapulogalamu a kompyuta pa kakampani kena ku Limbe, pamwamba pa shopu ya olesale. Anali munthu wa maganizo othamanga, wosatha kudya atakhala pansi. Ndi iwowo amene anaganiza zomangirira paipi pamlatho wakumtunda, m'kati mwake muli botolo loyandama, kuti madzi akakwera botolo likwere, ligunde kachipangizo, ndipo kompyuta iimbire mafoni a onse okhala m'mbali mwa khwawa. Meseji anaikana. "Akuluakulu ambiri sawerenga, komanso meseji munthu amaiona mawa," anatero. "Koma mwana akakuwa, aliyense amatembenuka." Mwanayo ndinali ine. Anandiimika m'bafa, poti ndi momwe munalibe phokoso, ndi kundiuza kuti ndilankhule pa laputopu ngati madziwo ndikuwaona ndi maso. Ndinati, "Madzi akwera, thawirani kumtunda." Anandibwerezetsa mpaka mawu anga anayamba kunjenjemera zenizeni, ndiye anati basi, amenewo.

Sipanapite nthawi, mafoni analira masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinadzimva ndekha ndikukuwa m'nyumba iliyonse, m'matumba a anthu, pa benchi ya ogulitsa makala. Anthu anathawa, ena mapoto pamutu, ena wailesi m'manja. Amayi anali atangobereka kumene mng'ono wanga Tiyamike, koma anakwera chitunda chonse chopita kumsewu akudzikoka, nkhope itatuwa ndi ululu. Madzi kunalibe. Linali thewera lotayidwa limene linakodwa m'paipi ndi kukankha botolo. Tsiku lina mafoni analiranso, koma anali anyamata osambira amene anagwedeza botololo. Kuyambira pamenepo dzina langa linasanduka Madziakwera. Kumpopi azimayi ankasiya kulankhula ndikafika, kusukulu anyamata ankatsina mphuno n'kumayeserera mawu anga. Amayi anauza achimwene kuti, "Ine sindidzathamanganso chifukwa cha zidole zakozo."

Ndiye kunayamba kubwera a Joana, mnzawo wa achimwene wa kuntchito, wa ku Bangwe, amene agogo awo anachokera ku Mozambique. Anali mtsikana wa magalasi, wolankhula pang'ono. Loweruka lililonse ankakhala pakhonde pathu ndi laputopu pamiyendo, ndowa pambali, m'ndowamo ataimikamo paipi yonga ya pamlatho ija. Ine ndinkawasuzumira ndili pakhomo, ndikuopa kuti mawu anga atulukanso. Ankagwedeza ndowayo mwamphamvu, laputopu ili zii. Ankaponyamo sanza, ankakankha botolo ndi chala, ili zii. Koma akamathira madzi pang'onopang'ono, madziwo n'kukwera, n'kukwerabe osabwerera, apo ndi pamene ndinkakuwa m'laputopumo. Akatero ankakhuthula madziwo n'kuyambiranso, mpaka khonde lonse matope, mpaka achimwene kuyasamula.

"Nzeru yako ndi yabwino, Limbani, koma khodi yako, malangizo amene unalembera kompyutawa, imakhulupirira chilichonse," anatero a Joana tsiku lina. Achimwene anaseka. "Iwe ukanakhala wekha, bwenzi ukuthirabe madzi m'ndowa mpaka chilimwe." A Joana ankafuna kuti mawu anga achotsedwe, aikepo sailini yolira ngati ya ambulansi, poti anthu anali atawasandutsa nthabwala. Ine mumtima ndinkapemphera kuti apambane. Koma achimwene anakana kwamtuwagalu. Anati anthu akuseka chifukwa mwanayo akumudziwa, ndipo sailini ilibe mayi wake. Pomaliza khodi inakhala ya a Joana, mawu anakhala anga.

Tsiku lenilenilo kunatentha kwambiri. Kwathu sikunagwe ngakhale dontho, kungoti kutali, cha ku Limbe, kumwamba kunali bii. Amayi ankachapa matewera kuseri kwa nyumba, pafupi ndi khoma lakumbuyo lija, ndipo Tiyamike anali mtulo pamphasa m'chipinda. Foni inalira pazenera. Amayi anaitenga ndi dzanja la thovu, ndipo ndinamva kamawu kanga konjenjemera kaja. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana m'khwawa mmene munali timadzi tofika m'kakolo, anati, "Zayambanso," ndi kubwerera pa beseni. M'nyumba za aneba mafoni ankaliranso, wina anaseka, wina anatukwana.

Ine m'maganizo mwanga ndinangoona ndowa ija. Ndinaona chala cha a Joana chikukankha botolo, laputopu ili zii, ndinaona sanza, ili zii. Ndinadziwa kuti ili si thewera, awa si anyamata. Ndinalowa m'chipinda, ndinanyamula Tiyamike opanda ngakhale nsalu, mutu wake uli lendelende padzanja langa, ndipo ndinathamanga. Kumbuyo ndinamva amayi akukuwa dzina langa lenileni, akuti ndimugwetsa mwana, akuti andionetsa lero. Sindinacheuke. Ndinamva masilipasi awo akuwomba pansi, akundithamangitsa. Aneba anatuluka kudzaonerera mwana wopenga akuba khanda, ndipo ena anatitsatira mpaka kumsewu, akuseka.

Amayi anandigwira pamwamba pa chitunda, dzanja lawo lili m'mwamba kale kuti linditsikire. Pomwepo tinamva phokoso ngati lole ikutsitsa miyala. Madzi ofiira anatulukira pakona ya khwawa atasenza mitengo, matayala, chitseko cha munthu wina. Anatenga beseni, anatenga chingwe cha matewera, kenako khoma lathu lakumbuyo linagwada pang'onopang'ono n'kulowa m'madzimo, ndipo mphasa ija ndinaiona ikuzungulira. Palibe anasekanso. Dzanja la amayi linatsika, koma linakatera pamutu pa Tiyamike, ndipo linakhala pomwepo.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti wanzeru anali a Joana okha, ndipo achimwene anangondivutitsa ndi manyazi a dzinja lonse. Sukulu ndinailekeza ku pulayimale, za khodi sindizidziwa mpaka pano. Koma tsopano ndili ndi wanga kumsana, ndikukhalanso nyumba ya lendi kumunsi kwa chitunda china, ndipo ndimaziona mwanjira ina. Ine ndinathamanga chifukwa cha ndowa ya a Joana. Amayi sanathamangire ndowa, ndipo sailini sakanaithamangira, anathamangira mwana, monga momwe achimwene ananenera, kungoti mwanayo anafunika miyendo. Mawu a m'foni masiku ano ndi a kamtsikana kena, sindikukadziwa. Kakangoyamba kulankhula, ine kumwamba sindiyang'anako, ndimakhala nditafika kale pakhomo.