Che Zubair ndi Nyali Zosaoneka

Mukafunsa za Che Zubair ku Nkope, munthu amayamba waseka, kenako n'kukuuzani kuti kunalibe siginala wowaposa. Siginala ndi uja amakhala yekha m'bwato ndi nyali zake, kukopa usipa kuti usonkhane pansi pake, ukachuluka n'kuitana alovi, asodzi oponya ukonde, kuti amuzungulire ndi ukonde wa chilimira. Che Zubair anayamba ntchitoyi asanamere ndevu, nthawi ya nyali zopopa za parafini, atathawa chikoti cha mwalimu ku madrasa. Anakwatira nayo, anamanga nayo nyumba yamalata, ndipo pagombe ankayenda ngati nyanjayo anakumba ndiwo.

Nthenda yawo inali imodzi. Ankakhulupirira kuti nyali iliyonse panyanja ikuwazonda. Bwato likangowala chapatali, iwo ankati ndi mbala zobwera kudzadyera pa luso lawo. Mnzawo akapha usipa wambiri, usipawo unali wawo, wangosochera njira.

Kenako ukalamba unafika, monga umachitira, osaodira. Mayi Amida, eni ake a chilimira, analemba siginala wachiwiri dzina lake Latif, bambo wa ana atatu wokhala ndi mababu a batire owala ngati sitolo ya m'tauni. Mayiwo anauza Che Zubair mwaulemu wonse kuti mwezi ukalowa mumdima aona ngati ukonde umodzi ukufunikadi asiginala awiri. Alovi ananong'onezana kuti tsobola wakale sawawa. Nkhalambayo inamva, ndipo inachita mantha kwambiri, chifukwa kunja kwa bwato lija sinkadziwa kuti ndi yani.

Sabata yomweyo Che Zubair analowa m'tiyirumu ya ku Nkopola, momwe munali a Davide, mwana wa mphunzitsi wa ku Malindi, amene amaphunzira za nyenyezi ku Joni ndipo anabwera kutchuthi. Ophunzira ena sangamwe tiyi osaphunzitsa munthu. Anatulutsa foni n'kuonetsa chithunzi cha nyenyezi zounjikana pamodzi ngati mpira, zothinana pakati moti simungaziwerenge. Anafotokoza kuti milu yotereyi ndi ya nyenyezi zakalekale, zakale kuposa dzuwa, ndipo zina mwa izo zikayandikira kutha zimatentha koopsa n'kumatulutsa kuwala kotchedwa ultraviolet, komwe diso la munthu silikuona. Kuti akujambule bwino, akatswiri amachita kutumiza makina m'mlengalenga.

Che Zubair anayang'anitsitsa chithunzicho. Iwo sanaone nyenyezi, anaona usipa utasonkhana pansi pa nyali.

"Ndiye mukuti, achimwene, kuwala kumene kwazisonkhanitsaku munthu sangakuone?"

"Ayi, bambo, sikuwala kumene kwazisonkhanitsa. Zimakokana zokha chifukwa cha kulemera kwake."

Yankho limeneli linapeza Che Zubair atatseka kale makutu, akutakasa shuga. Zimene ankafuna anali atamva: pali kuwala kosonkhanitsa zinthu, kochokera kwa okalamba, ndipo akazitape sangakuone. A Davide anapitiriza ndithu kufotokozera mwini tiyirumu, amene ankangodikira kapu yake.

M'mawa mwake Che Zubair anakwera kabaza kupita ku Mangochi. Anazungulira msika wonse akufunsa nyali ya kuwala kosaoneka, ena n'kumawalozera kwa sing'anga. Pomaliza wogulitsa mafoni wina anawatulutsira timatochi tija amaunikira ndalama zachinyengo. Atayatsa kamodzi, kanangotuluka kakuwala kapepo kofooka. Che Zubair anadandaula kuti sikakuwala, wogulitsayo n'kuwakumbutsa kuti n'zimene apempha. Anakhutira, nagula tinayi, ndipo mbuzi ya akazi awo ndiyo inalipira.

Tsiku loyamba la mdima sanadikire kuti boti la injini liwakoke monga mwa masiku onse. Ananyamuka okha dzuwa likadalipo, osauza munthu, kuopa kuti Latif angaone chinsinsi. Anapalasa mpaka pamalo awo akale, namangirira timatochi tija kutsogolo kwa bwato. Kutada, chilichonse chouluka panyanja chinabwera kudzawaona. Tizilombo tinawalowa m'makutu, m'mphuno, m'ndevu. Usipa wokha ndiwo sunamve za maphunziro a ku Joni.

Chapatali ankaona mababu a Latif, ndi boti likuwazungulira, kukoka, kuzunguliranso. Poyamba anaseka, poganiza kuti mbala zija lero zagwa nayo, sizikuwaona. Kenako anakumbukira chinthu chimene mwana aliyense wa ku Nkope amadziwa, choti nyali ya siginala siitana usipa wokha, imaitananso alovi. Anakuwa, anamenya nkhafi pabwato, koma mphepo inatenga mawu awo kupita nawo ku Malindi.

Pobwerera kutacha, mikono ikuwawa, ankakonza zoti akanene. Ankadziwa kuti Mayi Amida akawakalipira pamaso pa anthu chifukwa chosowetsa mtendere alovi usiku wonse. Mwina atumiza kale anthu kukawasaka. Mwina akazi awo akulira pagombe. Maganizo amenewa anawasangalatsa pang'ono, ndipo anakonza nkhope ya munthu wopulumuka pangozi.

Pagombe panali phokoso la tsiku labwino. Usipa unali mulu, amayi ogula akukanganirana mabeseni, Latif atakhala pamchenga akumwa tiyi. Che Zubair anakokera okha bwato lawo kumtunda, nabisa timatochi pansi pa thumba, n'kuima pomwe aliyense angawaone. Anthu ankangowalambalala ndi mabeseni pamutu. Patapita nthawi Mayi Amida anatembenuka, nawamwetulira ndi mtima woyera.

"Che Zubair, mwadzuka bwanji? Mwachita bwino kupumako dzulo, pamsinkhu wanuwu. Anyamata akuti zonse zinayenda."

Nkhalambayo inayang'ana manja ake otupa ndi nkhafi, n'kuwabisa kumbuyo.

"Ndinapumadi, mayi," anatero.

Palibe anawachotsa ntchito, ndipo palibe anabweranso kudzawaitana. Masiku ano amakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi matandala oyanikapo usipa, kuingitsa akhwangwala. Mlendo akawafunsa ngati anayendapo panyanja, amayankha kuti pang'ono.